Musataye katoni ya makaseti ija

Nyumba zambiri zomwe munali wailesi m'zaka za m'ma 1990 muli katoni, chikwama kapena thumba la makaseti lomwe linakankhidwira kunsi kwa bedi. Eni ake ena alipo, ena anatisiya. Ine bokosi lotere linandipeza amalume atamwalira, ndipo ndikufuna ndifotokoze zomwe zinali m'katimo ndi mmene ndinazipulumutsira, kuti amene ali ndi lake adziwe poyambira lisanadyedwe ndi chinyontho.

Ndinakulira kwa amalume ku Bangwe. Iwo anali ndi benchi ya makaseti kufupi ndi msika wa Limbe, ndipo kuyambira 1994 ndinkati ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukawathandiza. Ntchito yanga inali kupukuta fumbi, kusintha mabatire a wailesi yoyesera ndi kuyang'anira akuba. Benchi imeneyo inatha cha m'ma 2004. Choncho zaka khumi zimenezo ndinazionera pakati pa makaseti, ndipo mpaka pano ndimati palibe zaka zina zomwe zinasintha zomvera ndi zoonera za Amalawi ngati zimenezo.

Amene anabadwa pambuyo pake zimawavuta kumvetsa kuti dziko lonse linali ndi wailesi imodzi yokha, MBC, ndipo wailesi ya kanema kunalibe. Nyimbo, filimu ndi sewero zinkayenera kukomera bungwe lounika zosangalatsa lomwe linabwera ndi lamulo la 1968. Mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankalakwira lamulo. Kenaka kunabwera riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994, pakamwa pa anthu n'kutseguka. Koma mawu atsopanowo sanayambire pa wailesi ayi. Anayambira pa kaseti, m'minibasi, m'mabotolositolo ndi pa mabenchi ngati ya amalume.

Amalume ankakonda kunena kuti malata a nyumba yawo anawagulira ndi Lucius Banda. Ankanena za chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chomwe chinatuluka mu 1994. Anthu ambiri dzina la chimbalecho sankalidziwa, ankangofika n'kunena kuti, "Akulu, ndipatseni ya Mabala ija." Ena ankayamba ayang'ana uku ndi uku asanatchule, chifukwa mantha a zaka makumi atatu satha tsiku limodzi. Kuchokera pamenepo Balaka inalamulira benchi yathu. Alleluya Band, Paul Banda ndi situdiyo yake, Charles Nsaku, Billy Kaunda, Mlaka Maliro, onsewa ankakhala pamzere wakutsogolo. Kumbuyo kwawo kunali kwasakwasa ndi ndombolo za ku Congo, Lucky Dube, Brenda Fassie, ndi zauzimu za Katawa Singers ya ku Mzuzu ndi Ethel Kamwendo Banda. Katundu tinkapikula kwa O.G. Issa ku Limbe komweko, komwe oyimba ambiri a nthawi imeneyo ankatulutsirako zimbale zawo. Bungwe loteteza umwini wa nyimbo la COSOMA, lomwe linayamba mu 1992, linadzabweretsa kachizindikiro komata pa kava kosonyeza kuti kaseti ndi yeniyeni, ndipo ogula ochenjera ankayamba kufunafuna kameneko. Wogula aliyense ankati, "Tayesani kaye mbali zonse," ndiye nyimbo yoyamba ya mbali A ndi yoyamba ya mbali B za zimbale zonsezo ndimazidziwa pamtima mpaka lero.

Za mawailesi ndingodutsapo. MBC inatsegula Radio 2 mu 1997, lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linabala MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, ndipo posakhalitsa kunamveka Power 101, Capital FM ndi Radio Maria ya ku Mangochi. Kwa ife ogulitsa, phindu lake linali lakuti nyimbo ikalira pa wailesi Lachisanu, Loweruka anthu ankabwera kudzaifunsa.

Chachikulu chinali pa 1 April 1999, tsiku lomwe wailesi ya kanema ya Television Malawi (TVM) inayamba kuulutsa. Kudera kwathu sikirini inali kwa bambo wina woyendetsa thiraki yopita ku Joni. Eriyo anaimangirira ku nsungwi yaitali, mnyamata wawo ali panja akuitembenuza, ife m'nyumba tikukuwa kuti, "Pang'ono! Bwerera! Basi pomwepo, usagwedezeke!" Ana tinakhala pansi, amayi pamkeka, abambo pamipando, ndipo osakwana ankasuzumira pawindo. Masiku oyambawo inkaulutsa maola ochepa chabe madzulo, koma sitinkaphonya. Anthu omwe tinkawadziwa ndi mawu okha tinayamba kuwaona nkhope. Manganya wa mu Tikuferanji, yemwe ndi Michael Usi amene anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, Izeki ndi Jakobo, owerenga nkhani, oyimba. Woyimba aliyense anayamba kufuna vidiyo, ngakhale yojambula pakapinga wa hotelo kapena m'mbali mwa nyanja, ovina atafola kumbuyo. Mu 2003 mpikisano woyamba wa Big Brother Africa, momwe munali Mmalawi Zein Dudha, unautsa mkangano mpaka aphungu a Nyumba ya Malamulo analamula kuti uleke kuonetsedwa pa TVM, khoti lalikulu n'kudzauloleza kuti ubwerere. Pa benchi yathu anthu anakangana za nkhaniyi masabata angapo osagula kanthu.

Amalume anagula deki yoonetsera matepi a vidiyo chaka chomwe TVM inayamba. Kuseri kwa nyumba anatsegula vidiyo sho ya mabenchi ndi katani yamasaka, momwe munkalira mafilimu ankhonya ndi a karate, kenaka a ku Nigeria atayamba kufika pa ma VCD. Koma chomwe ndikuwathokozera lero n'chakuti filimu ikatha ntchito sankataya tepi yake. Ankajambulapo mapulogalamu a TVM.

Zinalinso zaka za maliro. Allan Namoko anapita mu 1995, Robert Fumulani mu 1998, Du Chisiza Jr wa Wakhumbata mu 1999, Donald Kachamba kumayambiriro kwa 2001. Ndiye pa 27 November 2001 kunamveka kuti Evison Matafale wamwalira ali m'manja mwa apolisi, chimbale chake cha Kuimba 2 chitangotuluka kumene chaka chomwecho. Tsiku lotsatira makaseti ake anatha dzuwa lisanafike pamutu. Amalume anasiyako imodzi, anakana kuigulitsa ngakhale munthu wina ankawonjezera mtengo, ndipo anailiza tsiku lonse. Anyamata onyamula katundu mumsika anaima mozungulira benchi, palibe amene ankalankhula.

Malondawo anawapha ndi makompyuta. Atayamba anyamata kubena nyimbo pa CD, kenaka pa memori khadi, munthu ankatenga zimbale khumi pa mtengo wosakwana wa kaseti imodzi. Amalume analongedza zotsala m'bokosi lachitsulo n'kuyamba kugulitsa zitsulo za njinga.

Atamwalira, azakhali anaganiza zobwerera kumudzi. Polongedza anandiitana n'kunena kuti, "Iwe, tenga zinthu za amalume akozi. Ine kumudzi ndikazitani? Ukapanda kutenga ndiziotcha." Nditatsegula bokosilo panatuluka fungo la chinyontho ndi mphemvu. Makava ena anali atamatirira ku pulasitiki, ena njenjete zitaboola nkhope za oyimba. Makaseti a pansi penipeni anali ndi chuku choyera ngati cha pa mkute woiwalika mumphika.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mumvetsetse. Musayambe ndi makaseti a anthu otchuka. Mtima umathamangira kwa Lucius, kwa Matafale, kwa Wambali Mkandawire, koma nyimbo zawo zambiri zili kale pa intaneti ndipo zili ndi ozisamala. Zomwe zikutha osabwereranso ndi zija zopanda dzina: kwaya ya mpingo wa kwanu yomwe inasonkha ndalama n'kujambula chimbale chimodzi chokha, bandi ya pa tauni yomwe inabalalika woyimba wake atamwalira, kaseti yomwe wina anajambula kuchokera pa wailesi ndipo mukumveka mawu a muulutsi ndi mauthenga a moni, tepi ya ukwati, ya sewero lojambulidwa ku French Cultural Centre, ya pulogalamu ya TVM ya chaka cha 2000. Masitudiyo ambiri a nthawi imeneyo anatsekedwa, ndipo oyimba ambiri alibe ngakhale kope limodzi la chimbale chawo. Kaseti yomwe ili kunsi kwa bedi lanu ikhoza kukhala yotsala yokhayo. Zimandiwawa ndikaganiza kuti nyimbo zomwe Hugh Tracey anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa bwinobwino ku International Library of African Music ku South Africa, pomwe chimbale cha kwaya cha 1998 mukhoza kuzungulira boma lonse osachipeza.

M'bokosi la amalume munali kaseti ina yopanda kava, yolembedwa ndi bolopeni kuti "Kwaya, Pasaka 97". Nditaikonza ndinapita nayo kumudzi pa foni, n'kuwaikira azakhali ali pakhonde akusola mtedza. Nyimbo yachiwiri itayamba manja awo anaima. Anati, "Bwezera." Ndinabwezera. "Amene akutsogolerayo ndi mng'ono wanga." Mng'ono wawoyo anamwalira mu 1999, ndipo chithunzi chake pabanjapo palibe. Anaitana ana a malemuwo, omwe pano ndi akuluakulu ali ndi mabanja awo, ndipo wotsiriza, yemwe mayi ake anamusiya akuyamwa, anamva mawu awo koyamba tsiku limenelo. Azakhali anatchula mayina a oyimba onse mmodzimmodzi potengera mawu, ine ndikulemba. Mukapeza kaseti yotere, kaimvetsereni pamodzi ndi achikulire akadali moyo, pepala ndi cholembera zili m'manja, chifukwa mawu opanda mayina mdzukulu wanu sadzadziwa kuti ndi a ndani.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo.

Kaseti yomwe yagona zaka makumi awiri musaiponye m'wailesi nthawi yomweyo. Yambani mwaiyang'ana pawindo lake laling'ono lija. Ngati muli chuku, iikeni payokha, chifukwa chuku chimasamukira pa hedi ya wailesi, kachitsulo kowerenga mawu a pa tepi, n'kupatsira makaseti ena. Iumitseni pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, ndipo poipukuta mangani kansalu kumphuno. Ine ndinkatulutsa tepi pang'ono, n'kuigwira mopepuka ndi kansalu kofewa kouma, uku ndikupukusa ndi cholembera cha Bic monga tinkachitira kale posunga mabatire. Zimatenga nthawi, koma palibe chidule. Kenaka yang'anani kumunsi, pakati pomwe tepi imakhudza hedi. Pamayenera kukhala kathonje kakang'ono pa kachitsulo. Kameneka kamagwa guluu wake akauma, ndipo kakagwa mawu amamveka ngati akuchokera kutali kapena osamveka n'komwe. Chotsani ka pa kaseti ina yopanda ntchito n'kumatapo. Chikombole chikakhala chosweka, masulani timasikuluu take n'kusamutsira tepi m'chikombole china chabwino. Musanachite china chilichonse, thyolani timapulasitiki tiwiri ta pamwamba pa kaseti, kuti chala chikaphonya n'kudina batani lofiira musafufute zomwe mukufuna kupulumutsazo.

Tepi ikaduka, kale tinkamata ndi kyutekisi kapena selotepi. Selotepi wamba amatulutsa guluu pakapita nthawi n'kumata tepi yonse. Ngati mulibe yomatira yeniyeni, dulani kachidutswa kochepetsetsa, mumate kumbuyo kwa tepi, mbali yosakhudza hedi, ndipo musamutse nyimbozo tsiku lomwelo.

Wailesi nayo imafuna dokotala. Pafupifupi zonse zomwe zagona nthawi yaitali lamba wake amakhala atatamuka kapena atasungunuka, ndiye nyimbo imalira mokoka kapena wailesi imatafuna tepi. Safunsa anadya phula: pitani kwa okonza mawailesi achikulire a mumsika, osati anyamata a mafoni. Amene anandithandiza ine ndi mdala wina yemwe anatulutsa malamba m'chitini cha mkaka chomwe anati sanachitsegule zaka zambiri. Anandionetsanso kasikuluu kakang'ono ka pambali pa hedi. Mawu akamamveka otsekeka, mumakapotoza pang'onopang'ono nyimbo ikulira mpaka zinganga ndi magitala zitamveka mowala. Hedi ndi kagudumu karaba kokoka tepi muzipukuta ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti woyera wa ku famase, n'kudikira ziume. Yesani kaye ndi kaseti yomwe simungaidandaule. Ndipo kaseti iliyonse muyambe mwaithamangitsa mpaka kumapeto n'kuibwezanso, kuti tepi yomwe inamatana imasuke.

Posamutsira pa kompyuta pamafunika waya wochoka potulukira mawu a wailesi, ngakhale pa mahedifoni, kupita polowera mawu pa kompyuta. Malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi bowo limodzi lokha lomwe silitenga bwino mawu otere, ndiye gulani kachipangizo ka USB kokhala ndi polowetsera mawu. Pulogalamu yojambulira yomwe ndinagwiritsa ntchito ndi Audacity, ndipo ndi yaulere. Voliyumu isafike pofiira, chifukwa mawu akasweka pojambula sakonzeka. Mukamva kulira kwa "mmmm" pansi pa nyimbo, kawirikawiri amakhala magetsi: zulani chaja cha laputopu, wailesi muiyendetse ndi mabatire. Njira imeneyi imathandizanso magetsi akazima muli pakati pa nyimbo. Dziwaninso kuti kaseti imajambulidwa pa liwiro lake lomwelo. Ya C60 ndi mphindi 30 mbali iliyonse, ya C90 ndi 45, ndiye konzekani kukhala pansi n'kumvetsera. Ine ndinkachita imodzi kapena ziwiri madzulo ndikaweruka, ndipo ana anga, omwe poyamba ankaseka kuti ndi nyimbo za agogo, anayamba kufunsa kuti woyimbayo ndani.

Kope loyamba lisungeni ngati WAV, mtundu wa fayilo wosapanikiza mawu, osalichotsa phokoso kapena kulikongoletsa. Limadya malo, pafupifupi 10 MB pa mphindi iliyonse, koma ndiye mbewu yanu. MP3 yotumizira abale pa WhatsApp muipange kuchokera pamenepo. Dzina la fayilo likhale ndi woyimba, chimbale, chaka ndi mbali, osati "nyimbo 1". Kava muijambule ndi foni kutsogolo, kumbuyo ndi m'kati, chifukwa m'katimo ndi momwe munkalembedwa situdiyo, oyimba zida ndi anthu othokozedwa, zomwe simungazipeze kwina. Sungani malo awiri osiyana, kwanu ndi kwa m'bale wina kapena pa intaneti. Fulashi imodzi yoyenda nayo m'thumba si nkhokwe, ndipo ma CD obena nawonso amafa. Makaseti enieniwo musataye mukamaliza. Aimikeni choimirira pamalo ouma, kutali ndi masipika chifukwa maginito ake amafufuta mawu.

Pali nkhani ya umwini yomwe sindifuna kuilumpha, poti ndinaona ndi maso anga mmene kubena kunasaukitsira oyimba. Kusamutsa kaseti kuti isafe ndi kwina, kuigulitsa kapena kuika chimbale chonse pa YouTube m'dzina lanu ndi kwinanso. Woyimba akamwalira umwini wa nyimbo zake supita naye kumanda, umatsalira mkazi kapena mwamuna wake ndi ana. Mukapeza chimbale chosowa, funani mwini wake kapena abale ake, muwapatse kope, iwo anene chochita nacho. A COSOMA akhoza kukuthandizani kuwapeza ngati woyimbayo analembetsa. Ine ndinapeza mwana wa woyimba wina wa chimbale chimodzi kudzera kwa akuluakulu a mpingo womwe unatchulidwa pa kava. Anandiuza kuti ankangomva kuti bambo ake ankayimba, koma nyimbo zawo anali asanazimvepo zonse. Zinthu zokhudza dziko lonse, monga zojambulidwa pa wailesi nthawi ya riferendamu, ndi bwino kufunsa ku National Archives ku Zomba ngati angalandire kope.

Matepi a vidiyo ndiwo ovuta kwambiri, ndipo ndi omwe ndikulimbana nawo pano. Chuku chimawakonda kuposa makaseti, ndipo tepi imodzi yoipa imatseka hedi ya deki mpaka chithunzi kusanduka mpunga wokhawokha. Njira yake ndi yofanana: deki, mawaya atatu aja, wachikasu, wofiira ndi woyera, ndi kachipangizo ka USB kolandira kanema, kotcheredwa pa PAL, mtundu wa kanema womwe tinkagwiritsa ntchito kuno. Vuto ndi deki yeniyeniyo. Kampani yomaliza kupanga madeki a VHS, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, ndiye omwe alipo ndi omwewo, ndipo tsiku lililonse anyamata ogula zitsulo zakutha akuwaphwanya kufuna waya wa kopa. Ya amalume inafa hedi. Yomwe ndikugwiritsa ntchito ndinabwereka kwa mphunzitsi wina wopuma, ndipo tinagwirizana kuti malipiro ake ndimusamutsire tepi ya ukwati wake. Ngati kwanu kuli deki yomwe ikuyakabe, kapena wailesi ya makaseti yomwe ikuzungulirabe, musaipereke kwa a zitsulo. Uzani anthu a kumpingo kapena a m'dera lanu kuti muli nayo, muzibwerekana. Pa matepi a amalume omwe ndatsegula kale ndapezapo zigawo za Tikuferanji, nkhani za madzulo za nthawi ya njala ya 2002, ndi mavidiyo a oyimba angapo omwe mayina awo ndikufunsabe kwa anthu. Ena khumi ndi angapo akudikira kupukutidwa chuku.